Anzake a Mongolia Ali Kutali, Mafuta Ali kwa Putin

Pa 2 Seputembala 2024, ndege ya Vladimir Putin inatera ku Ulaanbaatar, likulu la Mongolia. Dzikoli ndi membala wa khoti la ICC kuyambira mu 2002, ndipo khotilo linali litalamula kale mu Malichi 2023 kuti mtsogoleri wa Russia ameneyu amangidwe pa mlandu wosamutsa ana a ku Ukraine. Palibe anamugwira. Anamulandira pabwalo la Sükhbaatar ndi asilikali okwera pamahatchi, pamwambo wokumbukira zaka 85 chichitikireni nkhondo ya ku Khalkhin Gol, imene asilikali a Soviet Union ndi Mongolia anagonjetsa a Japan mu 1939. Mwezi wotsatira, oweruza a ICC ku The Hague ananena poyera kuti Mongolia yalephera udindo wake.

Oweruzawo ananena zoona, ndipo makolo amene ana awo anatengedwa ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma wodzudzula ayenera kuyamba wayang'ana mapu.

Mongolia ilibe nyanja, ndipo imachita malire ndi mayiko awiri okha: Russia kumpoto, China kummwera. Anthu ake ndi pafupifupi 3.5 miliyoni. Poyankha odzudzula, boma linati mafuta 95 pa 100 alionse komanso magetsi oposa 20 pa 100 limagula kwa anansi ake. Mafutawo pafupifupi onse amachokera ku Russia, ndipo ku Ulaanbaatar nyengo yozizira imafika madigiri 30 pansi pa ziro. Kumeneko mafuta akasowa anthu samangogona pamzere wa pafilingi siteshoni. Ena amafa ndi chisanu.

Ndalama nazo zimalowera khomo limodzi. China imagula zoposa 80 pa 100 za katundu amene Mongolia imagulitsa kunja, makamaka malasha a ku Tavan Tolgoi ndi kopa. Mphamvu ya wogula mmodziyu inaoneka mu Novembala 2016, Dalai Lama, mtsogoleri wachipembedzo wa ku Tibet amene boma la China limadana naye, atacheza mu Mongolia, mmene anthu ambiri ndi Abuda. Beijing inakweza ndalama zolipira pachipata cha m'malire, malole a migodi anaima pamzere mu chisanu, ndipo zokambirana za ngongole zinaimitsidwa. Chaka chisanathe, nduna ya zakunja inanena kuti boma lomwe linalipolo silidzamulolanso kubwera.

Atsogoleri a Mongolia sanakhale manja lende. Chikomyunizimu chitagwa mu 1990, achinyamata atachita zionetsero ndi kunyanyala chakudya pabwalo lomwe lija, dzikoli linalemba malamulo atsopano mu 1992 ndipo asilikali a Moscow anachoka. Mu Ogasiti 1990 James Baker, yemwe anali nduna ya zakunja ya America, anatchula dziko lake kuti mnansi wachitatu wa Mongolia. Eni dziko anawagwira mawuwo n'kuwasandutsa ndondomeko: kupalana ubwenzi ndi America, Japan, India, South Korea ndi mayiko a ku Ulaya, kuti anansi awiri aja asadzione ngati ndi okhawo.

Ndondomekoyi yabala zipatso zooneka. Mongolia inatumiza asilikali ku Iraq mu 2003 ndipo kenako ku Afghanistan. Ena akhala akusungitsa mtendere ku South Sudan. George W. Bush anafika mu 2005, Emmanuel Macron ndi Papa Francis mu 2023. Bwalo la ndege latsopano, lomwe linatsegulidwa mu 2021, linamangidwa ndi ngongole ya Japan. Pamgodi waukulu wa kopa wa Oyu Tolgoi, m'chipululu cha Gobi, magawo 66 pa 100 ndi a kampani ya Rio Tinto, ndipo 34 ndi a boma. Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti pakati pa maulamuliro awiri osalola otsutsa, anthu a ku Mongolia amavota ndipo maboma amasintha.

Komatu mlendo ndi mame. Bush ndi Macron anabwera n'kupita, ndipo kopa wa Rio Tinto amatulukabe kudzera ku China. Ngakhale ndege yochokera ku Tokyo imayenera kudutsa mumlengalenga mwa mmodzi wa anansi aja. N'chifukwa chake Mongolia inasala kuvota ku United Nations mu Malichi 2022 pa chigamulo chodzudzula Russia polowa mu Ukraine. N'chifukwa chakenso, mbali inayi, kwa zaka zambiri kuchokera mu 2004 inakhala yongoonerera m'bungwe la Shanghai Cooperation Organisation osafuna umembala wonse. Aliyense imampatsa pang'ono, n'kumumana pang'ono.

Amalawi nkhaniyi sangaimve ngati yachilendo. Mu 2011 Omar al-Bashir, mtsogoleri wa Sudan panthawiyo, yemwenso ICC inkamufuna, anabwera ku Lilongwe ku msonkhano wa COMESA n'kubwerera mwamtendere. Mu 2012 boma la Joyce Banda linakana kumulandira, ndipo msonkhano wa African Union unasamukira ku Addis Ababa. Malawi inatha kukana chifukwa mafuta ake sadutsa ku Sudan. Mongolia ilibe mpata wotero.

Choncho mayiko amene anakhumudwa ndi ulendo wa Putin ali ndi ntchito yoposa kulemba zikalata zodzudzula. India yasonyeza njira: ndi ngongole yoposa madola 1 biliyoni, ikuthandiza kumanga fakitale yoyamba yoyenga mafuta m'chigawo cha Dornogovi, ngakhale ntchitoyo yachedwa ndi zaka. Mongolia, dziko la mphepo yamphamvu ndi dzuwa la m'chipululu, ikufunikanso ndalama zopangira magetsi akeake, makamaka poti damu la pamtsinje wa Eg lakhala likukanika chifukwa Russia imati lingawononge nyanja ya Baikal.

Nalo boma la ku Ulaanbaatar lili ndi gawo lake. Mu Disembala 2022 anthu zikwizikwi anakhamukira pabwalo mu chisanu choopsa, akufuna mayina a akuluakulu amene anaba ndalama za malasha ogulitsidwa ku China. Ndalama zimenezo zikanathandiza kumanga zopangira magetsi zomwe dzikoli likupempha kwa alendo, ndipo amene anaziba sanachokere ku Moscow kapena ku Beijing.