Mpini wa Khasu Utalike Kuti Msana wa Mlimi Upume

Mvula yoyamba ikangogwa m'mwezi wa Novembala, malo onse opanda nyumba mu mzinda wa Chitungwiza amasanduka minda. M'mbali mwa misewu, kunsi kwa nthambo za magetsi ndi m'madambo otsikira ku mitsinje ya Manyame ndi Nyatsime mumaoneka anthu atawerama, mitu ili pansi, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kufika paliwombo. Ambiri mwa iwo ndi amayi ndi okalamba. Wodutsa m'njira amatama khama lawo, koma sakhalapo madzulo pamene alimi omwewo akulephera kuweramuka, nadzuka pamkeka chogwira khoma.

Chitungwiza ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa Harare, ndipo kalembera wa 2022 adapezamo anthu oposa 370,000. Mzindawu udakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza madera a St Mary's, Zengeza ndi Seke. Pakati pa nzika zake pali ana ndi zidzukulu za anthu amene adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale, ena paokha, ena kudzera ku Mthandizi. Mabanja ambiri otere alibe mudzi m'dziko la Zimbabwe kumene angakapumire ntchito ikatha. Munda wawo ndi kachigawo ka m'mbali mwa msewu, ndipo alibe ng'ombe yolimira. Msana wa mayi kapena wa gogo ukafooka, chaka chimenecho mondokwa salowa m'nyumba.

Kamba ka ichi, nkoyenera kuti ofufuza zaulimi ndi alangizi ayambe kuuwerengera msana wa mlimi pamodzi ndi mbewu, nthaka ndi feteleza monga chinthu chimene dzinthu zimadalira. Poyambira pake ndi pa mpini wa khasu ndi pa katundu amene mlimi amasenza.

Chimene chimachitika munthu akawerama

Msana wa munthu uli ndi mafupa 33, ndipo 24 mwa iwo ndi amene amagwedera munthu akamawerama kapena kutembenuka. Pakati pa fupa ndi linzake pali kanyama kofewa kamene kamagwira ntchito ngati nkhata, kuti mafupawo asakhulane. Munthu akaima chilili, kulemera kwa thupi kumatsika bwino kupyolera m'mafupa amenewa mpaka kumiyendo. Akawerama, thunthu lonse limalendewera kutsogolo, ndipo minofu ya m'chiuno imakoka mwamphamvu kuti asagwe chafufumimba. Kukoka kumeneko kumafinya tinkhata tija.

Mu 1999 katswiri wa ku Germany, Hans-Joachim Wilke, ndi anzake adafalitsa zimene adapeza atayeza kufinyika kumeneku m'chiuno mwa munthu wamoyo. Kuwerama kokha, opanda chonyamula, kudawirikiza kufinyikako kawiri poyerekeza ndi kuima chilili. Kunyamula katundu wa makilogalamu 20 msana utapindika kudakuwirikiza koposa kanayi. Koma katundu yemweyo atagwiridwa moyandikira thupi, kufinyikako kudatsika ndi theka. Ndowa ya malita 20 yodzaza madzi imalemera makilogalamu 20 omwewo.

Izi sizikutanthauza kuti kuwerama pakokha ndi matenda. Msana udalengedwa kuti uzipindika, ndipo umalimba ukamagwira ntchito. Chopweteka ndi kukhala chowerama kwa maola ambiri osasintha, tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi katundu woposa msinkhu. Mayi wa ku St Mary's amasesa ndi tsache lalifupi, kuphika pamafuwa magetsi akazima, kuchapa m'beseni lili pansi, ndiyeno nkupita kukapalira ndi khasu lalifupi. Pa ntchito zinayi zonsezi msana wake umakhala uli chopindika. Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse la WHO likuti mu 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi kupweteka kwa m'chiuno, ndipo vutoli ndilo limalepheretsa anthu kugwira ntchito koposa matenda ena onse.

Khasu lalifupi ndi mbiri ya ulesi

Mu 1998 mabungwe a IFAD ndi FAO adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa zipangizo zimene amayi amalimira m'maiko a Burkina Faso, Senegal, Uganda, Zambia ndi Zimbabwe. Amayi adadandaula za kupweteka kwa msana pa nthawi yopalira. Komabe m'madera ambiri mudapezeka chikhulupiriro chakuti wolima ataimirira ndi waulesi, ndipo wakhama ndi amene amapinda msana. Ku Senegal, kumene alimi ambiri amapalira ataimirira ndi chipangizo cha mpini wautali, ntchito imayenda ndithu. Ndiye kuti chimene chimasunga khasu lalifupi m'manja mwa amayi si nthaka yokha ayi, komanso kuopa pakamwa pa anthu. Mtengwa amawerama kuti apongozi asamunene.

Maganizo omwewa adaliko ku California, m'dziko la America. Eni minda ya ndiwo zamasamba ankapatsa antchito awo khasu la mpini wamfupi kwambiri, ponena kuti lalitali limaononga mbewu. Lidalinso lowathandiza kuona msanga wantchito amene waweramuka. Madokotala atachitira umboni za misana yopunduka, boma la California lidaletsa khasu limenelo mu 1975. Ulimi wa masamba sudagwe, ndipo derali likadali pakati pa madera otsogola pa ulimi umenewu.

Otsutsa ali ndi mfundo zofunika kuzimva. Amati khasu lalifupi limaika diso pafupi ndi mbewu, kotero kuti wopalira sadula chimanga pamodzi ndi udzu. Amatinso pa nthaka youma ndi pounga mizere, mpini wamfupi umamenya mwamphamvu. Ena adayesa kuzika khasu lakale pa mpini wautali, naona kuti likungodumpha pansi osadya nthaka. Zonsezi ndi zoona, koma zikungosonyeza kuti khasu limodzi silingagwire ntchito zonse. Lokumbira liyenera kukhala lolemera, ndipo lopalira likhale lopepuka ndi la mpini wautali. Potalikitsa mpini, msuka uyenera kupindidwa kuti mpeni wa khasu uweramire ku mpini, uzipala udzu pamwamba pa nthaka m'malo motema. Iyi ndi ntchito imene amisiri osula zitsulo, monga a ku Siyaso ku Mbare, angaichite mosavuta akauzidwa chimene mlimi akufuna. Muyeso wake ngwapafupi: khasu lopalira likaimikidwa pansi, mpini ufike pakati pa chifuwa ndi phewa la mwini wake. Banja la anthu osiyana misinkhu lifunika mipini yosiyananso.

Nkhaniyi yakula kuyambira nyengo ya 2020, pamene boma la Zimbabwe lidayamba kufalitsa ulimi wa Pfumvudza. Pa ulimi umenewu mlimi amakumba mapando pa kamunda ka mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi, mizere 52 ya mapando 28, onse pamodzi 1,456. Njirayi imasunga chinyontho ndi chonde, ndipo imayenerana ndi timinda ta m'tauni. Koma phando lililonse limafuna kukumbidwa, kuthiridwa manyowa, kubzalidwa ndi kukwiriridwa, ndipo kukumbako kumachitika m'chilimwe nthaka ili gwa. Alimi a Chishona adaupatsa ulimi wa mapando dzina lachipongwe lakuti dhiga ufe, kutanthauza kuti kumba ufe. Dzina limenelo ndi dandaulo la msana. Wolangiza Pfumvudza osalangiza za khasu loyenera ndi kugawa ntchito m'masiku ambiri wasiya theka la uthenga.

Katundu wa pamutu

Chitungwiza alibe malo akeake oyeretsera madzi. Amagula ku khonsolo ya Harare, makamaka kuchokera ku makina a Prince Edward amene amatunga m'madamu a Seke ndi Harava. Madamuwa atauma ndi chilala cha 2024, makinawo adaima. Ngakhale m'zaka za mvula, mipope ya m'nyumba imatha masiku yosatulutsa madzi, ndipo amayi ndi atsikana amatunga kumijigo ndi m'zitsime, akumwa ndi othirira dimba omwe.

Kusenza pamutu kuli ndi nzeru yake, chifukwa katundu amakhala pamwamba penipeni pa msana woongoka. Mu 1986 akatswiri adalengeza kuti amayi ena a ku Kenya ankasenza katundu wofika gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lawo osataya mphamvu zoonjezera. Koma kafukufuku wa mu 2010 pakati pa amayi a Chixhosa ku South Africa adaonetsa kuti mwayi umenewo sukhala ndi aliyense, ndipo ambiri adadandaula za kupweteka kwa khosi. Khosi lili ndi mafupa 7 ang'onoang'ono, ndipo m'kati mwake mumadutsa mtsempha waukulu wolamulira manja ndi miyendo. Mu 1968 dokotala Laurence Levy wa mu Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, adalemba za amuna osenza matumba a chimanga a makilogalamu pafupifupi 90 amene adathyoka makosi. Ena adapuwala, ena adamwalira. Lero thumba ndi la makilogalamu 50, komabe limeneli ndi katundu wa anthu awiri kapena wa wilibala. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.

Zimene mlimi angachite

Ponyamula ndowa kapena thumba, mlimi aliyandikire, atanse miyendo, apinde mawondo, ndipo anyamuke katunduyo ali pafupi ndi mimba. Asapotoze chiuno katundu ali m'manja. Atembenuke ndi mapazi. Wosenza pamutu apemphe mnzake amtwike ndi kumtula, pakuti ngozi yaikulu ili pokweza ndi potsitsa. Zigubu ziwiri za malita 10, china kudzanja lamanja china kulamanzere, zimaposa chimodzi cha malita 20 chopendeketsa thupi. Mwana asasenze muyeso wa munthu wamkulu, mafupa ake akali osakhwima.

Popalira, phazi limodzi likhale kutsogolo, mawondo atapindika pang'ono, ndipo kupindako kuchokere m'nyung'unyu, msana uli wotambasuka. Dzanja lotsogola ndi phazi lotsogola zizisinthana. Pakutha pa mzere uliwonse mlimi aweramuke, agwire m'chiuno, apendekere chagada pang'onopang'ono kangapo, ndiyeno apitirize. Kanthawi kameneka sikachepetsa ntchito ya tsiku, popeza wotopa msana ndiye amaweruka msanga. Tsokonombwe adatha mtunda nkudumpha. M'dimba, bedi lisapitirire mita imodzi m'lifupi kuti dzanja lizifika pakati popanda kudzikoka, ndipo wozulira udzu agwade bondo limodzi pa chiguduli kapena akhale pa kampando. Pakhomo, beseni lochapira likwezedwe pa benchi kapena pa njerwa, ndipo tsache limangiriridwe ku ndodo.

Msana ukayamba kupweteka, kugona masiku ambiri kumauumitsa. Malangizo amene WHO idatulutsa mu Disembala 2023 amalimbikitsa kuyenda ndi kulimbitsa thupi, ndipo savomereza kudalira malamba omanga m'chiuno. Koma pali zizindikiro zosafunika kudikira: ululu wosaleka ngakhale usiku, kuwonda ndi kutuluka thukuta pogona, dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, kulephera kugwira mkodzo, ndi fupa lotukuka ngati linunda. Chifuwa chachikulu chimagwiranso mafupa a msana, ndipo chimachizika chikapezeka msanga. Woona zotere athamangire kukiliniki ya m'dera lake kapena ku Chitungwiza Central Hospital.

Udindo wa ofufuza ndi alangizi

Kudzudzula mlimi kuti akuwerama moipa sikungathandize ngati khasu la pamsika ndi lalifupi ndipo mpope ndi wouma. Munthu amawerama molingana ndi chipangizo chimene wagwira. Pa minda yoyeserera, ofufuza amalemba makilogalamu a zokolola, kutalika kwa mbewu ndi mtengo wa feteleza. M'kaundula yemweyo mukhalenso danga la maola amene mlimi wakhala chowerama, amene wagwira ntchitoyo, kaya ndi mayi, bambo kapena mwana, ndi masiku amene wajomba kumunda chifukwa cha msana. Njira yochulukitsa chimanga koma yogoneka mlimi pa nthawi yopalira siyenera kulengezedwa kuti yapambana.

Pa masiku a zionetsero, alangizi afike ndi makasu a mipini yosiyanasiyana, amayi apalire nawo mzere umodzi umodzi, nanene okha lowakomera. Amisiri osula ndi ogulitsa mipini pa msika wa Chikwanha aitanidwe kuti adzamve ndi makutu awo. Magulu a alimi amene amasonkherana ndalama za mbewu angathenso kugula wilibala imodzi yobwerekana. Atsogoleri a mipingo ndi akuluakulu a mabanja ali ndi mbali yawo, chifukwa mawu akuti waulesi amachokera pakhomo, ndipo ndi pomwepo pamene angathere. Apongozi akayamba okha kupalira ataimirira, mtengwa sadzaopanso.

Mpini wautali ndi mtengo chabe, ndipo mtengo wake sufika pa wa thumba la feteleza. Nthawi yabwino youzika ndi m'chilimwe, mapando asanayambe kukumbidwa, kuti mvula ikadzagwa manja adzakhale atauzolowera kale.