Tifunse Amalume: Makina a diagnosis athima, mwana wakwapulidwa

Amalume,

Ndine mayi wa zaka 29, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri. Amuna anga ndi makaniko, amagwirira ntchito ku Biwi. Chaka chatha ndidatenga ngongole ya K450 000 kubanki mkhonde kuti tigule makina a diagnosis, aja amalumikiza kugalimoto n'kuonetsa pomwe pavuta. Adatigulira ndi mnzawo amene amapitapita ku Joni. Makinawo adatithandiza ndithu, makasitomala adachuluka.

Sabata yatha adabwera kunyumba ndi galimoto ya kasitomala, koma atalumikiza makinawo sadayake olo pang'ono. Atamva kuti dzulo lake mwana wathu wa zaka 8 adawatulutsa m'chikwama n'kumadina mabatani poyesa ndi gemu, adamukwapula kwambiri. Kuchokera tsikulo makinawo angokhala pamwamba pa wadiropu, mwana akuthawa bambo ake, ine akundinena kuti ndimalekerera ana. Pano akuti akatenge katapila agule ena, chonsecho ngongole yoyamba sitidamalize. Nditani ine?

Mayi wodandaula, Kawale, Lilongwe

Zikomo mayi,

Katapilayo ayambe waima kaye. Malinga ndi kalata yanu, makinawo adayesedwa pagalimoto imodzi yokha, ndiye palibe amene angalumbire kuti adafa.

Makina ang'onoang'ono ogwira m'manjawa ambiri sakhala ndi batire lawolawo. Moto amatenga kugalimoto komweko, kudzera pa kasoketi kamene kamakhala mmunsi mwa chiwongolero, kotchedwa OBD2. Kasoketika kali ndi mabowo 16, asanu ndi atatu pamwamba, asanu ndi atatu pansi. Bowo la nambala 16 ndilo limabweretsa moto kuchokera kubatire, ndipo limakhala ndi moto ngakhale kiyi atazimitsa. Mabowo a nambala 4 ndi 5 ndi a earth. Moto ukasowa pamenepo, makina amakhala chete ngati akufa, chonsecho ali bwinobwino.

Ndiye chinthu choyamba n'chosalira ndalama: akalumikize pagalimoto ina. Ku Biwi magalimoto sasowa. Akayaka, dziwani kuti wodwala adali galimoto ya kasitomala uja, ndipo nthawi zambiri chimakhala chapsa ndi fyuzi. Pamagalimoto ambiri fyuzi ya kasoketika ndi yomweyonso ya pobayira tchaja ya foni, paja kale tinkayatsirapo fodya. Matchaja otchipa ogula m'mbali mwa msewu amaotcha fyuzi imeneyi kawirikawiri, mwini galimoto osadziwa n'komwe. Pa ma Toyota ambiri pali fyuzi yakeyake yolembedwa OBD, ya 7.5. Yapsa, abwezeretse ya nambala yomweyo. Zija zomanga waya kapena kukulunga kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi ayi ndithu, ndi zomwe zimayatsa magalimoto a eni.

Amuna anu ngati ali ndi multimeter, kapena abwereke kwa anzawo a zamawaya, ayeze yekha. Akayang'ana kasoketiko mbali yotambalala ili kumwamba, 16 ndi bowo lomaliza pamzere wapansi, kudzanja lamanja. Waya wofiira akhudze pa 16, wakuda pa 4 kapena pa 5. Batire lodzaza bwino limaonetsa cha m'ma 12.6 volts injini ili yozimitsa. Likatsika kufika pansi pa 12 ndiye kuti lafooka, ndipo makina amatha kuphethira kapena kuzima pomwe akuliza galimoto. Injini ikamalira nambala ikwere kufika cha m'ma 14. Ikapitirira 15, achotse makinawo msanga, alternator ndiyo yapenga. Koma poyezapo asakankhire nsonga ya mita mkati mwa bowo mwamphamvu, mabowo aja amatambasuka, mawa pulagi n'kumangogwedera.

Akakana kuyaka pamagalimoto awiri kapena atatu, apo tsopano tiyang'ane makinawo. Aone mapini a pulagi ndi tochi: lina litha kukhala lopindika, lolowa mkati kapena lachita dzimbiri. Chingwe nachonso chimaduka mkati, makamaka pakhosi pomwe chimalowera m'pulagi, kaamba kokulunga mothina tsiku ndi tsiku. Ambiri mwa makinawa ali ndi pobayira USB. Akabaya kukompyuta n'kuyaka, mutu uli moyo, vuto ndi chingwe, ndipo chingwe mtengo wake sungafanane ndi wa makina atsopano.

Funso lina muwafunse modekha, atadya kale nsima: kodi masiku apitawo sadalumikize palole kapena pabasi yaikulu? Malole ambiri amayendera 24 volts, ndipo makina opangidwira 12 volts amapsa akalandira moto wotere. Chimodzimodzi kuchita jump galimoto makina ali chilumikizire. Zikakhala choncho, apite nawo kwa okonza ma TV ndi mawailesi odziwa ntchito yawo. Nthawi zina chimakhala chapsa ndi kachipangizo kamodzi kolandirira moto, amatha kusintha.

Tsopano za mwana. Kudina mabatani pamakina opanda moto sikuononga kanthu, n'chimodzimodzi kudina rimoti yopanda mabatire. Akadawagwetsa, kuwanyowetsa kapena kupinda mapini, chizindikiro chikadaoneka ndi maso. Mwana wa zaka 8 akaona chinthu cha sikirini ndi mabatani, chidwi chimamugwira basi, ndipo chida cha K450 000 malo ake ndi mokiyidwa. Bambo amuitane mwanayo, akhale naye pansi, amupepese. Ena amati bambo sapepesa mwana. Ine Amalume zimenezo ndimakana, chifukwa mwana amene wayamba kuthawa bambo ake mawa sadzaulula ngakhale chachikulu chitamuchitikira.

Inunso mayi musadzichepetse pankhaniyi. Dzina lolembedwa m'buku la kubanki mkhonde ndi lanu, amayi anzanu akadzabwera kudzanyamula ziwiya adzafikira inu. Choncho muli ndi mawu pa ngongole ina iliyonse yolowa m'nyumbamo. Akaumirira za katapila asadayese zomwe ndanenazi, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo tsiku lokambiranalo makinawo atsike pawadiropu, pakhalenso galimoto yoti ayeserepo onse akuona.

Amalume