Malasha akudutsa, achinyamata ali pa ulova

Sitima zodzaza malasha a ku Moatize zimadutsa pa Cuamba kupita kudoko la Nacala, ndipo msewu wa N13 wodzera ku Mandimba ndi Massangulo mpaka ku Lichinga tsopano ndi wa tala. Komabe mnyamata womaliza sukulu ku Ngauma, m'chigawo cha Niassa, akungosankha pakati pa ganyu ya m'munda wa fodya, kabaza, ndi kusenza katundu pachipata cha Chiponde. Boma la Mozambique lisanamizire mvula kapena ulesi wa achinyamata. Ulovawu wabadwa ndi mfundo zake zachuma.

Kwa zaka zambiri boma lakhala likunyengerera makampani a migodi ndi njanji, omwe amathira ndalama zankhaninkhani koma n'kulemba anthu ochepa. Zokolola za alimi zimatuluka zosakonza. Fodya wa ku Mandimba amakakonzedwa ku Tete, nandolo amapita ku India, thonje limangochotsedwa njere ku Cuamba n'kutumizidwa kunja. Kumene katundu akukakonzedwa n'komwe kuli ntchito.

Powonjezera apo, mu 2013 ndi 2014 akuluakulu ena anatenga mwachinsinsi ngongole za madola pafupifupi 2 biliyoni kudzera m'makampani a Ematum, ProIndicus ndi MAM. Zitaululika mu 2016, IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama ya metical inagwa, chiwongoladzanja chinapitirira 20 peresenti, ndipo boma linachepetsa kulemba aphunzitsi. Anadya ndi ena, otsuka mbale ndi anthu a ku Niassa.

Mtolo wa ulovawu sukulemera mofanana. Mwana wa bwana ali ndi Chipwitikizi, satifiketi ndi womulankhulira. Mtsikana amene anasiya sukulu n'kukwatiwa ali wamng'ono, munthu wolumala, ndi mlimi wolankhula Chiyao, Chimakuwa kapena Chinyanja chokha, sayandikira n'komwe pakhomo la ofesi. Mayi wogulitsa tomato alibe chikole choti banki imukongoze.

Ife tikuti zakwana. Boma likakamize kuti gawo la zokolola lizikonzedwa ku Niassa komweko, magetsi afike m'misika ya kumudzi, ngongole zotsika mtengo zifike kwa amayi ndi magulu a alimi, ndipo maphunziro a ntchito zamanja aperekedwenso m'zilankhulo za anthu. Nduna iliyonse yobwera kudzatsegulira chitukuko iziyamba yatiuza kuti ndi ana angati a m'deralo amene alembedwa ntchito yokhazikika. Ikalephera kuyankha, isayembekezere kuwomberedwa m'manja.