Njinga ya Magudumu Atatu ndi Mwana Wobisidwa

M'midzi yambiri, mwana amene manja ndi miyendo yake ndi yokungika, khosi silikhazikika ndipo mawu amatuluka movutikira, amasungidwa kuseri kwa nyumba. Ena amati analodzedwa, ena amaloza chala mayi wake kuti sanasunge mwambo. Koma achipatala vutoli amalitcha cerebral palsy, ndipo Dokotala William Little wa ku London analifotokoza kale m'chaka cha 1861.

Gwero lake ndi kuvulala kwa ubongo ukadali wanthete: mwana akabadwa masiku osakwana, akabanika pobadwa, kapenanso akadwala chikasu, malungo a mu ubongo ngakhale matenda oumitsa khosi ali wamng'ono. Vutoli silopatsirana, ndipo chilonda cha mu ubongocho sichikula. Chofunika kudziŵa n'chakuti ana ambiri otere nzeru zawo zili bwinobwino. Chowakanika ndicho kulamulira thupi.

Nanga anthu angakhulupirire bwanji zimenezi? Uphungu wapakamwa suchedwa kuzilala, koma chaona maso mtima suiŵala. Apa ndipo pagona mphamvu ya maseŵera. M'chaka cha 1984, ku New York, anthu a chilema chimenechi anapikisana pa njinga kwa nthaŵi yoyamba m'maseŵera a Paralympics. Masiku ano amene sangakhazikike pa magudumu aŵiri amapikisana pa njinga ya magudumu atatu. Ku Denmark nako, m'chaka cha 1991, Connie Hansen ndi Mansoor Siddiqi anapanga njinga yopanda zopalasira: munthu amakhala pa chishalo, natsamiritsa chifuwa, nakankha pansi ndi mapazi, kotero kuti wolephera kuyenda amathamanga.

Njinga sichiza ubongo ayi. Imalimbitsa minofu ndi mtima wa wokwerayo, koma chachikulu imawongola maganizo a woonerera, amene dzulo ankaona chilema, lero akuona mnzake wopikisana naye.

Komabe kuomba m'manja pa 6 Okotobala pokha, tsiku lokumbukira vutoli pa dziko lonse, sikokwanira. Njinga zochokera kunja n'zodula, pamene amisiri owotcherera zitsulo m'misika, atalangizidwa ndi achipatala, angathe kupanga zotsika mtengo. Otsiriza sukulu ofuna ntchito yamanja ailingalire nkhaniyi. Aphunzitsi nawo ali ndi mbali yawo: pa tsiku la mipikisano, mwana uja amene chaka ndi chaka amangosunga malaya a anzake m'mbali mwa bwalo, apatsidwe mzere wake, dzina lake liitanidwe pamodzi ndi ena onse.