Mavoti Sayesa Luso la Mwana

Mpikisano wojambula zithunzi ndi wabwino kwa ana, koma kusankha wopambana mwa kungowerenga mavoti a anthu n'kulakwira anawo. Chimene mavoti amayesa ndi kuchuluka kwa abale ndi mafoni, osati luso la dzanja. Mwana wa m'tauni, amene makolo ake angathe kumema anzawo ambirimbiri pa intaneti, amagonjetsa mnzake wa kumudzi amene anaphunzira kujambula ndi makala pa chipupa. Wogonjayo amataya pensulo, poganiza kuti alibe mphatso.

Njira yabwino ilipo. Mpikisano umene K. Shankar Pillai anauyambitsa ku New Delhi m'chaka cha 1949 unaika chiweruzo m'manja mwa akatswiri. Nayonso kampani ya Google, potsegula mpikisano wa Doodle for Google ku America m'chaka cha 2008, inaika oweruza kuti asefe zithunzi anthu asanavote.

Aphunzitsi okonza mipikisano yotere atengerepo phunziro. Mayina a ana abisidwe, kuti oweruza aone chithunzi chokha. Khamu likafuna kuvota, lipatsidwe mphotho ina yapadera yoti lipereke. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Luso lake lisafe chifukwa chosowa omuvotera.