Pa ulendo wa sukulu, atilole kuyendako tokha

Anzanga, ulendo wa sukulu wopita pa Boma umayenda mofanana chaka ndi chaka. Timakwera lole m'mamawa, timalowa mu museum, timadabwa ndi mafupa a Malawisaurus, timalemba manotsi. Kenako aphunzitsi amayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Muli ndi ola limodzi lopuma, koma aliyense ayende pagulu." Ine ndikuti lamuloli lisinthe. Wophunzira amene akufuna kuyenda yekha pa ola limeneli aloledwe, bola pakhale malire omveka bwino.

Tinene zoona, gulu limatsatira amene ali ndi ndalama m'thumba. Ola likangoyamba, onse ulendo wa pa chiwaya kukagula tchipisi ndi Fanta. Koma ambirife makolo athu amachita kugulitsa ndowa ya mpunga kuti atilipirire thiransipoti, ndipo sipatsala kanthu. Ndiye munthu umangoima pambali n'kumati "ndakhuta kale" pamene m'mimba mukulira. Ena amabwerera kukakhala mu lole n'kumadya chinangwa chawo mobisa. Kodi ola limene makolo anavutikira chonchi lithere poonerera anzako akudya?

Chonsecho tauni ya Karonga ili ndi zinthu zambiri zimene munthu angaone osalipira ngakhale tambala. Pali manda a asilikali amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene Ajeremani ochokera ku dziko limene lero ndi Tanzania anamenyana ndi asilikali a Angerezi pa Karonga pomwepa mu Seputembala 1914. Munthu ukhoza kuima pamenepo n'kuwerenga wekha zimene zinalembedwa pa miyala. Pali gombe la nyanja, pamene mapiri a ku Tanzania amaonekera tsidya lina kunja kukayera. Ukhoza kupereka moni kwa asodzi amene akuyanika usipa n'kuwafunsa mmene amadziwira kuti mwera ukubwera. Zimenezi m'buku la Geography mulibe.

Ngakhale mu museum momwemo, pagulu timangothamangitsana. Amene ali kumbuyo samva n'komwe zimene wotiperekeza akufotokoza. Museum imeneyi inatsegulidwa mu 2004, ndipo alendo amachokera maiko akutali kudzamva za chibwano cha munthu wakale chimene chinapezeka ku Uraha mu 1991, cha zaka zoposa 2 miliyoni. Amawerenga mosafulumira nkhani ya Mlozi, wogulitsa akapolo uja amene anagonjetsedwa ndi kunyongedwa mu 1895. Iwo palibe amene amawauza kuti "tiyeni, tiyeni." Ife eni boma lino ndiye tizingodutsamo ngati tikuthawa mvula, eti? Wina akafuna kutsalira kuti awerenge bwinobwino, asiyidwe awerenge.

Ndikudziwa kuti aphunzitsi athu sakaniza chifukwa cha nkhanza. Mantha awo ndi omveka. Nyanja sicheza, ndipo wodziwa kusambira mu mtsinje akhoza kumira m'mafunde. Mumsewu muli maminibasi, njinga zamoto ndi makabaza osawerengeka. Pa depoti pali anyamata ena amene amavutitsa atsikana, ndiponso akuba opisa m'matumba. Mwana akasowa, amene akayankhe kwa ahedi ndi kwa makolo ndi mphunzitsi. Paja akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Koma taganizaninso. Ife ndife oyendera. Tsiku ndi tsiku timadzuka kusanache n'kuyenda mtunda wautali, ena tokhatokha, kudutsa m'minda ndi kuoloka timitsinje nthawi ya dzinja. Palibe amene amatigwira dzanja, ndipo timafika. Tsiku lina ena mwa ife tidzapita ku Mzuzu kapena ku Lilongwe kukaphunzira. Tidzaphunzira liti kufunsa njira mwaulemu, kusunga nthawi ndi kukana mlendo wotinyengerera, ngati sitiyamba lero aphunzitsi ali pafupi?

Maganizo anga ndi awa. Ofuna kuyenda okha abwere ndi kalata ya chilolezo yochokera kwa makolo. Asananyamuke auze pulifekiti kumene akupita, ndipo iye alembe. Aphunzitsi atchule malire a malo oyendamo ndi malo okumanirana, ndipo aliyense afike patatsala mphindi 15 kuti lole inyamuke. Yunifolomu isavulidwe. Kusamba m'nyanja, kukwera bwato kapena galimoto ya munthu wosamudziwa, ayi ndithu. Aliyense atenge kapepala kolembapo nambala ya foni ya aphunzitsi. Amene sakufuna kukhala yekha atenge mnzake mmodzi, si mlandu. Wophwanya malamulowa asadzapitenso ulendo wina, basi.

Ndipo ufuluwo tiulipire ndi ntchito. Aliyense woyenda yekha abwere ndi ndime imodzi ya zimene waona kapena wamva, tidzaimate pa bolodi lino kuti amene anatsala kunyumba chifukwa chosowa ndalama apindulenso.

A hedi ndi aphunzitsi athu, tiyeseni ulendo umodzi wokha. Tikachedwa kapena kuchita zopusa, mudzakhale ndi chifukwa chotikaniza. Koma tikasunga nthawi, mutikhulupirire.

Wophunzira wa Fomu 2