Mimba ikasiya kuvuta, sikelo isadikire

Makolo athu sanalakwitse pomutchula mayi woyembekezera kuti ali ndi pakati, kutanthauza kuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Koma chodabwitsa n'chakuti ife a kuno ku Chiradzulu, chipatala chachikulu tili nacho pa Boma pomwepa, china ku Nguludi, zing'onozing'ono ku Namitambo, Mbulumbuzi ndi Namadzi, timadikirabe mimba ionekere kutali ndiye tiyambe sikelo. Ati kuopa anthu oipa mtima angaimange.

Vutoli si la kuno kokha ayi. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse, 24 okha ndiwo anayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba. Ambiri otsalawo anatulukira mimba itakula kale.

Miyezi yonyenga kwambiri ndi yapakatiyi, wachinayi, wachisanu ndi wachisanu n'chimodzi. Nseru yatha, nsima ikulowa, mphamvu zabwerera, mayi ayambanso kulima ndi kusenza mitolo kupita ku msika. Apongozi amvekere, "Mwaonatu, ali bwinobwino ameneyu." Chonsecho m'mimbamo ntchito ndiye yafika pachimake. Pa masabata 20 mwana amalemera pafupifupi magalamu 300, pofika masabata 24 n'kukhala atafika cha m'ma 600. Makutu ake amayamba kumva, ndipo pakati pa masabata 16 ndi 24 mayi amayamba kumumva akugunda. Magazi a mayi nawo amachuluka pang'onopang'ono mpaka kuwonjezekera pafupifupi ndi theka, n'chifukwa chake mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo aja si oyika pawindo n'kuiwala.

Zilipo zowawa zimene n'zachilengedwe ndithu. Chilungulira, kudzimbidwa, msana kupweteka, minofu ya miyendo kukokana usiku, mapazi kutupa pang'ono madzulo, nkhama kutuluka timagazi potsuka mkamwa, ngakhale mzere wakuda wotsika pamchombo uja. Izi zimadza chifukwa thupi likusintha ndipo chiberekero chikupanikiza ziwalo zina. Kudya pang'onopang'ono koma kawirikawiri, kumwa madzi ambiri, masamba osasowa pa mbale, ndi kugonera m'mbali, zimathandiza.

Koma mawu akuti "n'za mimba izi, pirirani" atipwetekera amayi ambiri. Mutu waukulu wosamva mankhwala, maso kuchita chidima, nkhope ndi manja kutupa, zimenezo si za mimba wamba. Kawirikawiri ndi kuthamanga kwa magazi kumene kumayamba mimba ikapitirira masabata 20, ndipo kukalekereredwa mayi amakomoka ngati wakhunyu. Kutaya magazi ngakhale pang'ono, madzi kutuluka nthawi isanakwane, kutentha thupi, kupuma mobanika, mwana amene amagunda kungoti zii, zonsezi n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena usana. Si zoyamba mwakafunsira kwa asing'anga kapena kudikira bambo abwere kuchokera ku Limbe.

Nanga mayi wochedwa sikelo amataya chiyani? Choyamba ndi Fansida woteteza ku malungo, amene Malawi inayamba kupereka kwa amayi apakati mu 1993. Amayambidwa pa masabata 13 ndipo amamwedwa motalikiranitsa ndi mwezi, ndiye wofika mwezi wachisanu n'chiwiri wasemphana kale ndi maulendo angapo, pamene malungo ndi amene amachepetsa magazi ndi kubadwitsa ana onyentchera. Chachiwiri ndi kuyezetsa chindoko ndi kachilombo ka HIV. Pa nkhani imeneyi a Chiradzulu tisachite kuuzidwa, poti ndi kuno kumene bungwe la MSF linayamba kupereka ma ARV mu 2001, ndipo kuyambira 2011 mayi wapakati wopezeka ndi kachilomboka amayamba mankhwala nthawi yomweyo kuti mwana atetezeke. Chachitatu ndi kuunikidwa m'mimba ndi makina, kumene bungwe la WHO mu 2016 linati kuchitike masabata 24 asanakwane, pomwe linatinso mayi aonedwe ndi achipatala kasanu n'katatu pa mimba imodzi.

Ena anena kuti mayendedwe ndi ovuta, kabaza akufuna ndalama, mzere kuchipatala ndi wautali. N'zoona, ndipo boma lisagone pa zimenezi. Komanso kumene kuli chizolowezi chobweza mayi chifukwa wabwera wopanda mwamuna, chitheretu. Abambo ambiri a kuno ali ku maganyu ku Blantyre, ena ku Joni. Kodi mwana wa m'mimba alangidwe chifukwa bambo ake ali kutali?

Komabe gawo lalikulu lili m'manja mwathu momwemu. Anankungwi, pa chisamba kapena litiwo, powerenga miyambo onjezeranipo zizindikiro zoopsazi. Inu apongozi, ngati mukuopa maso a anthu, perekezani mtsikanayo mwakachetechete, anamwino sadzakalengeza pa msika. Abambo, sungani ya mayendedwe mwezi wachinayi usanakwane, osadikira matenda ayambe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mayi akangodziwa kuti waima, apite akalembetse sikelo mwezi womwewo.